Mulu wa Oyera pa Kapata

Ntchito yanga ndi yokutira mapepala m'pulasitiki.
Ndili ndi kathebulo kuseri kwa ogulitsa nsawa pa Kapata,
makina otentha ngati simbi,
ndi lumo limene anzanga amabwereka osabweza.
Ndimakutira makadi a ku sikelo, ziphaso za ubatizo,
chilichonse chimene munthu akuopa kuti mvula ingachidye.

Lachinayi akatekisiti anabwera ndi envulopu yonenepa.
Oyera atsopano, ati angowalengeza kumene ku Roma,
azimayi a m'mabungwe akuwafuna Lamulungu.
Kodi oyera nawonso amaopa mvula? ndinafunsa.
Sanaseke.

Magetsi atathima masana ndinawatembenuza mmodzimmodzi
n'kumawerenga timalemba ta kumsana kwawo.
Uyu ankasambitsa odwala amene abale anawathawa.
Uyu anamuuza kuti ataye chikhulupiriro, anakana,
dzuwa silinamulowere.
Winayu ndevu zinali zisanamere n'komwe.
Moyo wathunthu m'mizere isanu!
Palibe pamene alemba kuti ankaliza mkonono
kapena kuti anasiya ngongole ya sopo pa kantini.

Ndili chiwerengere, anafika mai Velenasi Miti a ku Mchini,
chithunzi chili m'mpango, mpango uli m'Baibulo.
Amuna awo, a Akilewo, ataima ndi njinga yawo ya hayala,
khushoni yofiira pa kaliyala,
mwendo umodzi wa buluku ataulowetsa m'sokosi,
maso atatsinzina ndi dzuwa.
Ndi chokhachi chimene chilipo, anatero,
ndipo denga likudontha.

Ndinkawadziwa a Akilewo.
Pa chenji anali nkhalamba yovuta,
Loweruka ankanunkha kachasu mpaka ku tsidya la msewu.
Koma gogodani usiku kuti mwana wauma khosi,
ankatuluka osavala n'komwe nsapato,
wodwala atamumangirira kumsana ndi chitenje kuti asagwe,
n'kupalasa chitunda chonse cha ku chipatala
osatchula mtengo.
Kamtsikana kena kanabadwira pa jekete lawo pafupi ndi Lunkhwakwa,
lero kali giredi seveni.
Chifuwa chinawatenga m'nyengo yachisanu.
Njinga anagulitsa kuti agule bokosi.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka.
Ndinakutira mothamanga, mulu wonse pamodzi,
pulasitiki ikundiwotcha zala.

Lamulungu, Misa itatha, pa bwalo la tchalitchi,
a Gelevazio Shawa, aja a maso a nkhungu,
anapisa dzanja m'mulu muja n'kutulutsa chimodzi,
n'kuchiyandikiza pamphuno.
Nanga wa njingayu ndi woyera wa chiyani?
Amapempherera ati?

Ndikudziwa kuti ku Roma kuli ndondomeko yake:
mboni, makalata, madokotala opima zozizwitsa,
zaka zambiri mafayilo akukwera masitepe.
Ndani angalembe kalata yotero kuchokera ku Mchini?
Sitampa yake yokha ndi thumba la makala.
Ndinangoti, ameneyo sagulitsidwa, bambo, ali ndi eni ake.

Sanachibweze msanga.
Nkhopeyi ndikuidziwa, anatero.
Anandidyerapo makwacha awiri ameneyu, pa Kapata pomwepa.
Anakhala chete, chala chikusisita pa handulo.
Komanso usiku umene mkazi wanga anakomoka...
Mawu anathera pomwepo.
Anagula sisitere wa mpango wakuda n'kumapita.

Lolemba mai Velenasi atabwera ndinawapepesa.
Ndinakutira mophonya: mpweya unatsekeredwa m'kati,
kathovu kozungulira, koyera,
pamwamba penipeni pa mutu wa a Akilewo.
Ndinati ndidule ndiyambirenso, osalipira.
Anachiyang'ana nthawi yaitali,
anapukuta chala cha a Shawa ndi nsonga ya chitenje,
n'kuchibwezera m'mpango.
Chisiyeni choncho, anatero.
Ndi zingati?